Nyenyezi ya Zidutswa Zisanu

Njanji itangofika kumene ku Limbe, mmisiri aliyense wa matabwa mu Blantyre maso anali komweko. Kunkamangidwa mashedi, nkhokwe za fodya ndi nyumba za akalaliki, ndipo ankafuna anthu odziwa sowo ndi puleni. Koma sunkangonyamula zida zako n'kukaima pageti. Ankayamba akufunsa kalata ya umboni yochokera kwa mzungu amene unkamugwirira ntchito, yonena kuti munthu uyu ntchito amaidziwa. Wopanda kalata ankamusenzetsa njerwa, ngakhale akhale mmisiri wotani.

Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito kwa mzungu wina womanga nyumba, amene shedi yake ya matabwa inali m'mphepete mwa Mudi. Bwana ameneyo anandilonjeza ndi pakamwa pake kuti Khirisimasi ikadutsa andilembera kalata. Ku Limbe nako malo anali akundidikira. Mnzanga wina wachiyao, telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye, anali atandilankhulira kwa kalaliki wa kumeneko, ndipo ankafuna mmisiri woti aziyang'anira anthu khumi, nyumba yogona akupatsa. Ndinali ndi mkazi ndi ana awiri, zaka zanga zikuyandikira makumi atatu. Kalata imeneyo ndinkaiganiza podzuka, ndinkaiganiza pogona.

Chimene ndinkaifunira kwambiri si udindowo ayi. Kapitawo wa pashedi yathu anali apongozi anga, bambo a mkazi wanga. Ine ndinali mkamwini pamudzi pawo, kutsinde kwa Soche, kumene lero kwadzaza nyumba mukuti ku Chimwankhunda. Ndinkagona m'nyumba yomangidwa pa malo awo, ndinkalima munda umene anandilozera iwo, ndipo m'mawa uliwonse popita kutawuni iwo ankatsogola, ine ndikubwera patali m'mbuyo kuti tisayende limodzi. Ndikafika kuntchito ndinkawapeza ali pamwamba panga, ndikabwerera kumudzi chimodzimodzi. Munthu wamkulu ndevu pepeya, koma ndinalibe pokhosomolera momasuka. Ndinkafuna chitseko changachanga, chimene ndikatseka palibe wondifunsa.

Ndisawanamizire apongozi angawo. Anali mmisiri weniweni, ndipo ntchito imene ndadyera moyo wanga wonse anandiphunzitsa ndi iwo. Analinso mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi chipewa, wosamwa, wosatukwana. Pashedi ponse ndi iwo okha amene ankamva Chingerezi bwinobwino, ndiye mawu onse a pakati pa ife ndi bwana ankadutsa mwa iwo. Koma ankawasefa ngati ufa. Ukadandaula kuti matabwa abwera osauma, bwana ankamva zoti amisiri akuthokoza matabwa. Tonse tinkadziwa zimenezi, ndipo anzanga ankanyinyirika poyera. Ine sindikanatha kutero. Mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi, ndipo mawu oti mwalakwitsa satuluka pakamwa pake ngakhale nyumba ikupsa.

Tsiku lina, kutatsala milungu iwiri kuti ifike Khirisimasi, bwana analowa m'shedi atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu, nkhope ili ngwee ngati mwana woti amugulira malaya. Anaitana kapitawo, kenako anaitana ine. Anayamba watulutsa pepala lolimba lodulidwa sikweya, ndiko kuti la ngodya zinayi, mbali zonse zofanana. Atalikankha ndi chala tinaona kuti linali lodulidwa kale zidutswa zisanu, chilichonse mawonekedwe akeake, china chachikulu chokhota, china kansongole chabe. Anazisokoneza, n'kuyamba kuzisuntha, ichi apa, ichi achizungulitse, ndipo posakhalitsa pabenchi panga panagona nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Palibe chidutswa chimene chinatsala, palibenso chimene anawonjezera. Anaiphwasula, n'kubwezeranso sikweya ija.

Kunena zoona, ndinakopeka. Ndinali nditapanga matebulo, zitseko, mafelemu a mawindo, mabokosi a maliro, koma zinthu zonsezo zikatha zimakhala chomwecho mpaka chiswe chizidye. Ichi chinali china. Thabwa lomwelo, kukula komweko, koma likhoza kukhala zinthu ziwiri. Apongozi anamasulira kuti bwana waziona m'nyuzipepala yochokera kwawo, kumene azungu ophunzira amapikisana kuti ndani angasandutse sikweya kukhala nyenyezi ndi zidutswa zochepa kwambiri. Mumtima ndinati anthuwa kwawoko alibe minda yolima, koma maso anga sanachoke papepalapo.

Kenako anamasula nsalu ija. Munali thabwa lofiirira moderako, lolemera, la fungo limene sindinalimvepo pa mtengo uliwonse wa kuno, kukula kwake ngati lichero laling'ono. Linali chivundikiro cha bokosi la malemu bambo ake, limene linaphwanyika m'ulendo wa pamadzi, n'kutsala chokhacho. Analipala yekha kukhala sikweya, n'kujambulapo yekha mizere ndi pensulo yosongoka. Ankafuna kuti masewera ake akhale a mtengo umenewo, akawaonetse alendo ake pa Khirisimasi kunyumba kwake ku Sunnyside. Anagogoda thabwalo ndi chala, n'kundiuza m'Chinyanja chake chothyokathyoka chija: "Iwe dula pa mzere. Pa mzere basi." Anawonjezera kuti wasankha ine chifukwa dzanja langa silinjenjemera.

Atangotuluka, chimwemwe changa chinatuluka naye. Phunziro loyamba limene mmisiri aliyense amalandira, limene apongozi omwewo anandiphunzitsa ndi kundimenya rula pazala, ndi lakuti mzere uli ndi mbali ziwiri, mbali yosunga ndi mbali yotaya. Sowo imadya mtengo. Pamene yadutsa pamachoka thabwa lonenepa ngati kamtengo ka machesi, n'kusanduka utuchi, ndipo puleni ikabwera kudzasalaza imadyanso pake. N'chifukwa chake sowo timaiyendetsa kumbali yotaya, mzere n'kutsala. Koma pathabwa la bwanali panalibe mbali yotaya. Uku chidutswa, ukunso chidutswa. Sizasi podula pepala sadya kanthu, n'chifukwa chake lake lija linkagwirizana. Mtengo si pepala. Njira yake inali yosavuta: kutenga thabwa lokulirapo, kujambula chidutswa chilichonse pachokha motalikirana, kucheka kunja kwa mzere, n'kupala mpaka zikwanirane. Pathabwa lodulidwa kale muyezo wake zimenezi sizikanatheka.

Ndinadikira anzanga apite kukapuma masana. Ndinapita pamene panali apongozi, ndinanjuta chapambali, maso pansi, thabwa lili m'manja.

"Bambo, ndimati ndipemphe nzeru. Sowo ikadutsa pamzerepa, utuchiwo uchokera mbali iti?"

Anatenga thabwalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chachikulu chikutsata mzere kuchokera ngodya iyi kukafika ngodya inayo. Anamva. Wina asadzandiuze kuti sanamve, chifukwa ndinaona chala chija chitaima pamene pakumana mizere itatu, n'kukhala pomwepo. Kenako anandibwezera.

"Bwana wajambula yekha, apongozi. Dulani monga wanenera."

Madzulo ake ndinatuma mkazi wanga kwa bambo ake, chifukwa ndi mmene nkhani yolemera imayendera pakati pa mkamwini ndi apongozi. Ndinamufotokozera bwinobwino, mpaka ndinadula chinangwa ndi mpeni wobuntha kuti aone mmene chimathera. Anapita, sanachedwe. Yankho linali lakuti bwana si mwana, nyumba zonse za njerwa zimene tikuziona wamanga ndi iye, ndipo kapitawo amene analipo iwo asanalowe anachotsedwa chifukwa chouza bwana kuti khoma lake lapendekeka. Anawonjezera kuti mmisiri wabwino sadandaula sowo.

Pamenepa ndi pamene mtima umandipsa mpaka lero. Bwanayo ankadutsa pabenchi panga kawiri katatu patsiku. Chinyanja ankamva ndithu ukamalankhula pang'onopang'ono. Ndikanangotenga kachidutswa ka mkungudza, kukacheka iye akuona, n'kumuonetsa mpata wake, nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa munthuyo sanali chitsiru. Koma kutero kunali kulumpha apongozi anga pamaso pa shedi yonse, kuwaonetsa kuti anaona cholakwa n'kukhala chete. Mudzi wonse ukanamva dzuwa lisanalowe. Ndinatsegula pakamwa kangapo iye akudutsa, koma chimene chinkatuluka ndi moni.

Ndiye ndinachita zimene manja akanatha. Ndisanacheke ndinayamba ndakopera mizere yonse papepala. Ndinatenga sowo yopyapyala kuposa zonse m'shedimo, ndinaigoneka pachitsulo n'kuimenya ndi hamala pang'onopang'ono kuti mano ake asatambalale, n'kuinola ndi tupa. Ndinacheka masiku awiri, mpweya ndikuugwira, sowo ikuuma m'thabwamo chifukwa mano analibe poyenda. Puleni sindinaikhudze n'komwe. M'mbali ndinasalaza ndi galasi la botolo losweka, mongokanda. Komabe nditamaliza, pansi pa vaisi, chitsulo chopanira thabwa, panali kamulu ka utuchi wofiirira kokwana kudzaza chikhatho. Limenelo linali thabwa la bambo ake a bwana, ndipo panalibe mmisiri padziko woti angalibwezere.

Nditalumikiza sikweya, mipata inalipo koma ukakankhira zidutswa pamodzi inkabisalako. Nyenyezi ndiye inandiyalutsa. Pakati pake, pokumana nsonga za zidutswa, panatsala kabowo. Nsonga imodzi inali yaifupi, ina yopotoka ngati ikufuna kuchoka pa zinzake. Ndinawaonetsa apongozi. Anati ndipake mafuta bwinobwino chiwale, bwana sadzaona. Ndinapaka. Bwana anabwera mothamanga tsiku lotsekera ntchito, anaona zidutswa zikunyezimira, anati zabwino, n'kuzikulunga m'nsalu osazilumikiza.

Tsiku lotsatira Khirisimasi bwana ananditumizira uthenga kuti ndipite ku Sunnyside ndikalumikize matebulo aatali a alendo ndi kudikira kuti ndidzawaphwasule. Choncho ndinaona zonse ndi maso anga, nditaima kuseri kwa khonde pafupi ndi khitchini. Anali masana, kunja kukutentha mvula ikukonzekera. Alendo atatha kudya, bwana anaimirira, anakankhira mbale kumbali, n'kuyala zidutswa zija pansalu yoyera ya patebulo. Analankhula kwanthawi ndithu, akuloza thabwalo, ndipo ndinadziwa kuti akunena za bambo ake chifukwa madona anapendeketsa mitu. Anapanga sikweya, anthu anawomba m'manja pang'ono. Anayamba nyenyezi.

Pabenchi panga, pa thabwa lakuda ndi mafuta, mipata ija inkaoneka pang'ono. Pansalu yoyera inkachita kuwala. Mzere uliwonse unaoneka mbee, ndipo kabowo ka pakati kaja kankaoneka ngakhale kwa ine ndili patali. Bwana anakankha uku, mpata unatseguka uko. Anakankha uko, nsonga inathawa. Mzungu wina wonenepa, wa ndevu zopotana, anatenga kamtengo kotokosera m'mano n'kukaimika pakabowo paja, kanaima chilili. Tebulo lonse linaphulika ndi kuseka. Bwana wanga anasekanso nawo, koma khosi lake linafiira mpaka m'makutu.

Alendo atapita anandipeza ndikumasula miyendo ya tebulo. Sanakuwe. Anangonena kuti munthu wolephera kutsata mzere wojambulidwa kale sangalembedwe kalata yoti ndi mmisiri, ndipo kuti ndawononga chinthu chokhacho chimene anali nacho cha bambo ake. Chachiwirichi chinandilasa, chifukwa chinali choona. Ndinayenda ulendo wonse wa ku Soche mvula ikundimenya, osafuna n'kubisala komwe.

Shedi inali yotseka mpaka chaka chatsopano. Masiku amenewo anthu anali pa chisangalalo, koma ine ndinatenga zotsalira za mlombwa zimene ndinkasunga kudenga, ndinatulutsa pepala ndinakopera lija, n'kukhala kuseri kwa nyumba. Chidutswa chilichonse ndinachijambula pachokha, ndinacheka kunja kwa mzere monga ndinaphunzitsidwira, n'kuyamba kupala. Kupala pang'ono, kuyesa, kupalanso. Chovuta chake n'chakuti mbali iliyonse ili ndi anansi awiri, wina wa m'sikweya, wina wa m'nyenyezi, ndiye ukakondweretsa uyu, uyo akwiya. Kansongole kaja ndinakapanga katatu, kawiri konse ndinakataya pamoto. Mkazi wanga ankabwera kudzaona, ndipo tsiku lachinayi anazula tsitsi lake limodzi n'kuyesa kulilowetsa pa mlumikizano. Silinalowe. Ndinatembenuza kukhala nyenyezi, anayesanso, silinalowe. Anati ndipite nacho, bwana akakaona adzadziwa kuti vuto silinali manja anga.

Inenso ndinaganiza chomwecho. Ndi uchitsiru umene ndinali nawo, wokhulupirira kuti ntchito yabwino imadzilankhulira yokha ndipo palibe amene angapwetekedwe nayo. Apongozi sindinawauze. Ndinkati ndikangopereka, bwana asangalala, alemba kalata, basi.

Tsiku lotsegulira, bwana atalowa m'shedi, ndinayala nsalu pabenchi n'kuikapo zidutswa zanga. Anaima. Anapanga sikweya. Anapanga nyenyezi. Anayendetsa chikhadabo pamizere yonse kufunafuna pokodwa, osapapeza. Anainyamula pathabwa n'kuiyang'anitsa kowala, kuwala osadutsa. Anamwetulira ndithu, kumwetulira kwenikweni, n'kundifunsa kuti ndachita bwanji. Popeza wandifunsa yekha, ndinamuyankha ndekha. Ndinatenga kachidutswa ka mkungudza, ndinajambula mzere, ndinacheka, ndinalumikiza, n'kumuonetsa utuchi pansi.

Anamva nthawi yomweyo. Ndinaona nkhope yake ikusintha pamene anazindikira kuti amene anapha thabwa la bambo ake ndi iye mwini, ndi pensulo yake, munthu womanga nyumba amene anaiwala chinthu chodziwa wophunzira wa mwezi umodzi. Ndipo amisiri khumi ndi awiri anali ataimitsa ntchito akuonerera. Mzungu wa masiku amenewo sakanasenza cholakwa chotero pamaso pathu. Pankafunika mutu wina woti achitulepo.

Anandifunsa kuti zimenezi ndazidziwa liti, ndisanacheke thabwa lake kapena nditacheka. Ndinati ndisanacheke. Kunama pamenepo sikukanatheka, chifukwa mmisiri wosadziwa kuti sowo imadya si mmisiri. Anaitana kapitawo. Apongozi anabwera, chipewa chili m'manja. Anawafunsa m'Chingerezi, koma funsolo aliyense analimva: kodi munthu uyu anakuuza? Apongozi anga, mkulu wa mpingo, munthu wa imvi, amene Lamulungu lililonse ankaima kutsogolo kutiphunzitsa za choonadi, anayang'ana utuchi wa pansi n'kukhala duu. Bwana anafunsanso. Duu.

Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Iwe. Unauza kapitawo, kapena iyayi?"

Ndinkadziwa bwino lomwe zimene yankho lililonse lidzabale. Ndikati inde, kalata ndi yanga, Limbe ndi yanga, ndipo apongozi anga achotsedwa ukapitawo tsiku lomwelo ngati mnzawo wa khoma uja, atatsutsidwa ndi mkamwini wawo pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa okha. Madzulo ake ndikanakalowa bwanji pamudzi pawo, n'kumuyang'ana bwanji mwana wawo? Ndinadikira pang'ono, ndikuti mwina alankhula okha. Mawu awiri okha akanakwana. Ndinamva kupuma kwawo pambali panga, koma pakamwa sanatsegule.

"Iyayi, bwana. Sindinanene."

Bwana anapumira m'mwamba ngati munthu amene wapeza chimene amafuna. Anati ndiye kuti ndinawononga thabwa lake dala, ndikudziwa, ndipo ndabweretsa ichi kuti ndimuchititse manyazi pamaso pa antchito ake. Anati umbuli akanaukhululuka, koma mwano ayi. Kundichotsa sandichotsa, chifukwa manja anga ndi abwino ndipo zitseko za nyumba ziwiri zikudikira, koma kalata ndiiwale, ndipo mzungu aliyense wofunsa za ine adzamuuza khalidwe langa. Anasonkhanitsa zidutswa zanga za mlombwa zija, anazikulunga m'nsalu yanga yomwe, n'kutuluka nazo. Wophika wa ku Sunnyside anadzandiuza pambuyo pake kuti ankazionetsa kwa alendo zaka ndi zaka, ndipo ankati zinachokera kwawo kutsidya kwa nyanja.

Bwanayo sindinamukwiyire nthawi yaitali. Anachita zimene anthu a mtundu wake ankachita, ndipo sindinkayembekeza zina. Amene ndinawakwiyira ndi apongozi anga, amene anadziwa kuyambira tsiku loyamba, amene anaona mwana wa eni akumira n'kusunga jekete lawo kuti lisanyowe. Ndipo woposa onse ndinadzikwiyira ndekha. Palibe amene ananditseka pakamwa. Ndinali ndi milungu iwiri yoti ndilankhule, ndinaithera kupereka moni. Pamapeto pake bodza limene linandimaliza ndinalinena ndi lilime langa, ndikulitcha ulemu.

Tsiku limenelo pobwerera kumudzi apongozi anatsogola monga mwa masiku onse, ine m'mbuyo. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Ndinayang'ana msana wa jekete lija kuchokera pa Mudi mpaka kutsinde kwa Soche. Mkazi wanga nditamufotokozera analira, koma ndinaona kuti m'kulirako munalinso kupuma kwa munthu amene bambo ake apulumuka. Sindinamudzudzule. Mlungu usanathe telala uja anatumiza mawu kuti kalaliki wa ku Limbe watopa kudikira, malo aja apatsa munthu wina wa kalata.

Loweruka lake masana ndili kuseri kwa nyumba ndikunola tchizulo, mkazi wanga anabwera kuchokera kunyumba kwa makolo ake atanyamula tambala woyera, miyendo yomanga ndi luzi. Anagwada chapatali.

"Bambo akuti mudye."

Ndinafunsa ngati ananena china. Anati ayi, angoti mudye.

Aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo la nkhuku yotere. Munthu wamkulu sabwera kudzagwada kwa mkamwini kuti ndinalakwa. Amatumiza nkhuku. Ukaibweza ndiye kuti wakana munthuyo, wakana mudzi wake ndi mwana wake yemwe, ndipo utenge mphasa yako uzipita kwanu, ana n'kutsala kwa amayi awo. Ukaidya ndiye kuti wavomera, mlandu watha, ndipo sudzautchulanso ngakhale mutayambana pa zina. Zaka zisanu ndi chimodzi za thukuta langa, nyumba ya ku Limbe, dzina langa pamaso pa azungu onse a tawuni ino, zonsezo anaziyeza n'kupeza kuti zikukwana tambala mmodzi.

Ndinamuyang'ana tambalayo nthawi yaitali. Mkazi wanga anali chigwadire, osadzutsa mutu, ndipo ana athu awiri anali ataima pakhomo akumeza malovu, poti nkhuku sinkaphedwa wamba. Ndinaika tchizulo pansi, ndinamuuza kuti atereke madzi, ndipo mpeni ndinagwira ndekha.

Ndinadya, ntchafu ndi chiwindi chomwe, mkazi wanga akuonerera kuti akanene kwawo kuti ndadya. Lolemba ndinabwerera pabenchi lomwe lija, ndipo ndinakhalapo zaka zina khumi ndi chimodzi, mpaka apongozi anamwalira. Bokosi lawo ndinakhoma ndine.